MADZI NAWONSO AMAPUMA: ZIMENE NDINAKAPHUNZIRA KU NAKATINDI

Ambiri a ife amene tinabadwira m'Cigawo ca Kum'mawa sitinaionepo nyanja ya mcere. Mtsinje wa Luangwa timaudziwa, mu Lutembwe ndi mu Msandile tinasambamo, ndipo ena anafikako ku Nyanja ya Malawi pokaona abale. Koma nyanja yaikulu ija, imene madzi ake samweka, timangoimva m'kamwa mwa ana a sukulu. Dziko lathu la Zambia lazingidwa ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo palibe dera lake ngakhale limodzi kumene mafunde a nyanjayo amafika. Cifukwa ca ici, inenso ndinali kuyesa kuti nkhani za nyanja ya mcere n'za anthu a ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ndipo kuti mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza sizimkhudza. Maganizo amenewa ndinakawasiya ku Nakatindi, mu mzinda wa Livingstone, ndipo lero ndifuna kukusimbirani, owerenga, m'mene zinakhalira.

Ndinanyamuka ku Chipata m'mwezi wa April caka ca 2025, mvula itayamba kukata ndipo cimanga cikuuma m'minda. Basi inadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, niwoloka mlatho wa Luangwa, ndi kufika ku Lusaka dzuwa litapendeka, ulendo wa makilomita ngati 570. M'mawa mwake ndinakwera ina yolowera kumwera. Tinawoloka Kafue, tinapyola minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, kenaka Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba. Titayamba kutsetserekera mu Livingstone, mai wina amene tinakhala naye mpando umodzi anandikodola nandilozera kutsogolo. Kutali, pamwamba pa mitengo, panaima mtambo woyera wonga utsi wa lupsa. "Mosi-oa-Tunya ndi ameneyo, abambo," anatero maiyo. "Caka cino madzi alipo."

KOMBONI YA NAKATINDI

Livingstone ndi mzinda wakale. Unali likulu la dziko lino kuyambira caka ca 1911 kufikira 1935, pamene Boma la atsamunda linasamukira ku Lusaka. Komboni ya Nakatindi ili ca kumadzulo kwa tauni, m'mbali mwa msewu wa dzina lomwelo umene umapita ku Kazungula ndi ku Sesheke. Dzinali ndi la ku banja lacifumu la Alozi. Akulu amene anaona masiku a ufulu adzakumbukira mai Nakatindi Yeta Nganga, mwana wa Litunga Yeta III, amene anali mmodzi wa akazi oyamba kusankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1964. Nthaka ya kumeneko ndi ya mcenga, woti phazi limamira poyenda. Malo osungirako nyama a Mosi-oa-Tunya ali pafupi kwambiri, kotero kuti m'cilimwe njobvu zimatulukira m'makomboni a mbali imeneyo ndi kuononga madimba a anthu. Pa msika mumamva Citonga, Cilozi ndi Cinyanja zikusinthana m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Ndinafikira kwa amalume anga, amene anacoka kwathu ali mnyamata kukagwira nchito ya njanji, ndipo atapuma anamanga nyumba kumeneko. Kuseri kwa nyumbayo anamanga thanki ya simenti m'mene amawetamo nsomba zodya ndi zogulitsako pang'ono. M'bandakuca wa tsiku langa loyamba ndinadzutsidwa ndi phokoso la madzi. Potuluka ndinapeza amalume ataima pa njerwa, akutunga madzi m'thankimo ndi ndowa, kuikweza mpaka paphewa, ndi kukhuthuliranso madziwo momwemo.

"Mwadzuka bwanji, amalume? Nanga madzi omwewo mukutunga ndi kubwezeranso momwemo, phindu lake n'ciani?"

"Ndadzuka, mphwanga, kaya iwe. Ndikuzipatsa mpweya nsombazi. Wacita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Tenga mpando ndikuuze zimene zinandionekera."

Anandisimbira za mwezi wa October caka ca 2024, cilala cija cili pacimake. Kunatentha koopsa, madzi anasowa, ndipo iwo anakhala masabata angapo osathirako madzi atsopano m'thanki. Madziwo anacepa, nabiriwira ndi ndere, ndipo masana anali kufunda ngati tiyi. Tsiku lina m'mamawa anapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa kuli yasa. Pamene dzuwa linali kutuluka, zoposa theka zinali zitayandama camimba.

"Mtima unandipweteka, mphwanga," anatero amalume. "Ndinati alipo wandithirira mankhwala cifukwa ca kaduka. Ndinali nditamloza kale m'mtima mnansi wanga wina amene tinakanganapo za malire, ndipo ndinatsala pang'ono kukamsumira kwa akulu a komboni. Amene anandiletsa ndi aphunzitsi a kuseriku. Anabwera, nayang'ana madzi, nanena kuti palibe munthu wapha nsombazi, zafa ndi kubanika."

PHUNZIRO LA PA MPHIKA

Madzulo ake aphunzitsiwo anabwera kudzaona mlendo. Ndi mkulu amene anaphunzitsa sayansi zaka zambiri m'masukulu a Cigawo ca Kumwera. Nditawapempha kuti andimasulire m'mene nsomba ingabanikire ili m'madzi, iwo anaitanitsa mphika wa madzi ozizira naukhazika pa mbaula.

"Yang'anani pansi pa mphikawu, abambo," anatero. Madzi asanatenthe n'komwe, timathobvu ting'onoting'ono tinayamba kumera pansi ndi m'mbali mwa mphika. "Madziwa sanawire. Timathobvu mukutionati ndi mpweya umene unabisala m'madzimo, monga shuga amabisalira m'tiyi. Madzi akamafunda amalephera kuusunga, ndipo umatuluka."

Zimene anafotokoza usiku umenewo ndiyesa kuzilemba mwa dongosolo. Mpweya umene watizingawu ndi wosakanizika. Pa magawo 100, magawo 78 ndi naitirojeni, ndipo magawo 21 ndi okosijeni, umene ndiwo timakoka kuti tikhale ndi moyo, umenenso umayatsa moto. M'kagawo kotsalako muli mipweya ina, ndipo wofunika pa nkhani yathu ndi kaboni dayokisaidi. Umenewu timautulutsa popuma, umatuluka m'moto wa nkhuni, makala ndi mafuta a galimoto, ndiponso ndiwo umacititsa thobwa kuwira thobvu likasasa. Zomera zimaumwa masana ndi kutulutsa okosijeni.

Mipweya yonseyi imalowa m'madzi ndi kutulukamo. Nsomba imapuma okosijeni wosungunuka m'madziwo kudzera m'ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu wake. Koma m'madzi okosijeni ndi wocepa kwambiri. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga mamiligalamu ngati 9, pamene lita imodzi ya mpweya wa panja ili ndi wocuruka kuwirikiza ngati ka 30. Madzi akafunda kufika madigiri 30, amasunga mamiligalamu 7 ndi theka okha. Masana ndere zimaonjezera okosijeni m'madzi, koma usiku nazonso zimaumwa pamodzi ndi nsomba ndi tizilombo toola zotsala za cakudya. Cifukwa cake nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakuca, makamaka kukatentha ndipo mphepo kulibe. Mlamba umapirira cifukwa uli ndi ciwalo cokokera mpweya wa panja, ndiye muja timaukumba m'matope uli moyo. Nsomba zina zilibe mwai umenewo.

Aphunzitsi anachula malamulo atatu a kusinthana kumeneku. Loyamba ndi lakuti mpweya umacoka kumene wacuruka kupita kumene wacepa. Ukacuruka kumwamba umalowa m'madzi, ukacuruka m'madzi umatuluka. Mngelezi wina, William Henry, ndiye analemba lamulo la zimenezi m'caka ca 1803. Laciwiri ndi lija la pa mphika, lakuti madzi ozizira amasunga mpweya wambiri koposa ofunda. Aliyense amene anatsegulapo botolo la Fanta lokhala padzuwa akudziwa m'mene limafwamphukira. Lacitatu ndi lakuti khomo lake n'lopapatiza. Pamwamba peni-peni pa madzi odekha pali kakhungu kopyapyala ngati tsitsi, ndipo mpweya uli wonse uyenera kupyola pamenepo. M'madzi mpweya umayenda pang'onopang'ono kwambiri, kucedwa kuwirikiza ngati ka 10,000 poyerekeza ndi m'mene umayendera panja. Tsono ciri conse cimene cimang'amba kakhunguko, kaya mphepo, mafunde, mvula kapena ndowa ya amalume, cimatsegula khomo.

"Mawa pitani ku mathithi," anatero potsazika. "Mukaone ndowa yaikulu."

PA MOSI-OA-TUNYA

Mathithiwa ali pa mtunda wa makilomita ngati 10 kumwera kwa tauni. Eni dera, Aleya a kwa Mfumu Mukuni, amawacha Shungu Namutitima, ndipo dzina lakuti Mosi-oa-Tunya limatanthauza utsi wogunda. David Livingstone anawaona pa 16 November 1855 nawapatsa dzina la mfumukazi ya kwao, Victoria. Mtsinje wa Zambezi umafika pamenepo uli wotambalala mamita 1,708, ndipo umagwera m'phompho lakuya mpaka mamita 108. M'caka ca 1989 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Mkokomo ndinaumva ndisanatsike galimoto. Pamene ndinafika pa kamlatho kopapatiza kochedwa Knife-Edge, ndinali nditanyowa mpaka m'kati, ngakhale kumwamba kunalibe mtambo wa mvula. Madzi anali kugwa kucokera kumwamba, ena kukwera kucokera pansi, ndipo munthu woyenda naye sindinathe kumumva mau. Utsi uja tinauona pa basi ndi timadontho ta madzi ophwanyika, ndipo ndito timathirira nkhalango yobiriwira imene yamera moyang'anana ndi mathithi, pakati pa dziko louma la mipani ndi milambe. Pambuyo pake ndinatsika kanjira kotsetsereka, pakati pa migwalangwa ndi anyani, kukafika pa malo ochedwa Boiling Pot, ndiko kuti mphika wowira. Pamenepo mtsinje wonse umapanikizana pa mpata waung'ono ndi kuzungulira, ndipo pamwamba panu mumaona mlatho wa njanji umene unatha kumangidwa m'caka ca 1905. Madzi ake anali oyera mbuu ndi thobvu. Thobvu liri lonse ndi kampweya kozingidwa ndi madzi, ndipo pa khungu la liri lonse kusinthana kuja kunali kucitika.

Pamodzi ndi utsi wooneka uja pamakweranso wina umene maso sauona. M'zaka za 2012 ndi 2013, akatswiri a ku Belgium pamodzi ndi a pa University of Zambia anayenda m'Zambezi ndi mitsinje yothira m'menemo, nthawi ya dzinja ndi ya cilimwe, akupima mipweya ya m'madzi. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'caka ca 2015. Anapeza kuti madzi amakhala ndi kaboni dayokisaidi wambiri koposa akangotuluka m'zigwa zosefukira ndi m'madambo akuluakulu. Cimodzi mwa zigwazo ndi ca Barotse, kumene madzi akadzaza Litunga amasamuka ku Lealui kupita ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka. Udzu womizidwa ndi cigumula umaola, ndipo pakuola umatulutsa kaboni dayokisaidi ndi mpweya wina wochedwa methane, uja umabwibwita m'matope munthu akaponda m'dambo. Mtsinje umasenza mipweyayi ngati botolo lotsekedwa, ndipo ukafika pa mathithi ndi pa miyala ya mkokomo umakhuchumuka, nutaya gawo lalikulu la katunduyo m'mwamba. Pa nthawi yomweyo umamwa okosijeni watsopano.

Akatswiri omwewo anapeza kuti pamwamba pa nyanja za Kariba ndi Cahora Bassa zinthu zimatembenuka. Kumeneko tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi timadya kaboni dayokisaidi mpaka acepe, ndipo madzi amayamba kumwa wa m'mwamba. Mtsinje umodzi womwewo pena umatulutsa mpweya, pena umakoka. Pansi pa nyanja zakuya, kumene mphepo siifika, nkhani ndi ina. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita ngati 700, koma kupitirira mamita 250 kulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako.

KUMENE ZAMBEZI AMATHERA

Madzi saiwala khwawa. Amene ananyowetsa malaya anga pa Knife-Edge anacokera ku Ikelenge, kufupi ndi Mwinilunga, ndipo anzake anapitirira ulendo kudzera ku Kariba, ku Luangwa Boma kumene amakumana ndi madzi a kwathu, ku Tete, mpaka kukathira m'Nyanja ya Mcere ya India kufupi ndi Chinde m'dziko la Mozambique. Ulendo wonse ndi wa makilomita oposa 2,500. Ciri conse cimene ndinaona m'thanki ya amalume ndi pa mathithi cimacitikanso kumeneko, usana ndi usiku, pa malo akulu osaneneka, pakuti nyanja ya mcere yaphimba magawo 71 pa 100 a dziko lapansi.

Ndowa ya nyanja ndi mphepo. Kukakhala bata, khomo lija limakhala lopapatiza. Mphepo ikakula, mafunde amasweka ndi kuyera thobvu monga pa Boiling Pot, ndipo mpweya umakankhidwira pansi. Akatswiri amawerengera kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, kusinthana kwa mpweya kumawirikiza pafupifupi kanai. Nyanja zozizira za kumpoto ndi kumwera kweni-kweni kwa dziko ndizo zimamwa kaboni dayokisaidi wambiri, ndipo madzi ake, pokhala olemera, amamira naye pansi kumene amakhala zaka mazana. Nyanja ya namondwe imene ili kumwera kwa Cape Town, kuzungulira Antarctica, ndiyo imodzi mwa nkhokwe zazikulu zoterozo. M'madera ena otentha, monga pakati pa Nyanja ya Pacific, madzi a pansi amakwera, nafunda, nabweza mpweyawo kumwamba. Ndiponso tizomera ta m'nyanja, timene maso sationa, timapanga pafupifupi theka la okosijeni yense amene zomera za dziko lapansi zimapanga caka ndi caka.

Kwa zaka zikwi zambiri kukoka ndi kutulutsa kumeneku kunali kolingana. Zinasintha pamene maiko a mafakitale anayamba kutentha malasha ndi mafuta, ndipo anthu kuli konse anayamba kugwetsa nkhalango. Mafakitale asanayambe, pa timagawo miliyoni imodzi ta mpweya, 280 tinali ta kaboni dayokisaidi. M'caka ca 1958, pamene Charles David Keeling anayamba kupima pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, tinali ngati 315. Pofika caka ca 2024 tinali titapitirira 420. Mpweya umenewu umagwira kutentha kwa dzuwa monga bulangete, ndipo dziko likufunda.

Tsono lamulo loyamba lija limagwira nchito. Popeza mpweyawu wacuruka kumwamba, nyanja ikuumwa. Pa ndowa zinai ziri zonse za kaboni dayokisaidi amene anthu amatulutsa, pafupifupi imodzi imathera m'nyanja. Nyanja yomweyo yasunganso magawo ngati 90 pa 100 a kutentha koonjezereka. Ikanapanda kutero, mwezi wa October ku Livingstone ndi ku cigwa ca Luangwa bwenzi uli woopsa koposa m'mene uliri.

Koma wosenzera mnzake katundu nayenso amatopa. Kaboni dayokisaidi akasungunuka m'madzi amawasasitsa pang'ono, ndipo asidi wa m'madzi a pamwamba pa nyanja wakwera ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 ciyambire nyengo ya mafakitale. Nkhono za m'nyanja ndi tizilombo tomanga matanthwe a pansi pa madzi zimabvutika kupanga zigoba zao m'madzi otero, ndipo m'matanthwe amenewo ndimo nsomba zambiri zimaswana. Kuonjezera apo, lamulo laciwiri limaticenjeza kuti madzi akafunda amasunga mpweya wocepa. Okosijeni wa m'nyanja zonse watsika ndi magawo ngati 2 pa 100 ciyambire caka ca 1960. Ciwerengeroci cikuoneka cacing'ono, koma m'madera ena kutsikako n'kwakukulu, ndipo nsomba zimathawako.

NYANJA PA MSEWU WA NAKATINDI

Madzulo a tsiku limenelo ndinakhala ndi amalume m'mbali mwa msewu tikuonerera magalimoto akuluakulu a katundu. Ena anali kupita ku mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa m'caka ca 2021, ena anali kucokera ku Sesheke ndi Katima Mulilo. Msewu umenewu ndi mbali ya njira yocokera ku doko la Walvis Bay ku Namibia kupita ku Migodi ndi ku Lubumbashi. Amalume anandilozera galimoto yokhala ndi cipinda cozizira nati, "Umo muli nsomba za m'nyanja ya mcere, zija za m'makatoni zimene amai ako amagula pa msika."

Nsomba zimenezo zimagwidwa m'madzi ozizira a Benguela, ku gombe la Namibia. Kumeneko mphepo imakankha madzi a pamwamba, ndipo a pansi, odzala ndi cakudya ca tizomera, amakwera. Ndico cifukwa cake nsomba zimacuruka. Koma tizomera tikafa tambirimbiri timamira ndi kuola, nitimaliza okosijeni wa pansi. Nthawi zina matope a pansiwo amatulutsa mpweya wonunkha ngati mazira oola, umene umamveka mpaka m'tauni ya Walvis Bay. Madzi amasintha mtundu, nsomba zimafa, ndipo nkhanu za m'nyanja zimatulukira pa mcenga pothawa kubanika. Amalume atamva zimenezi anapukusa mutu nati, "Ndiye kuti nyanja nayonso imaona zimene inaona thanki yanga."

Palinso mpweya wina umene nyanja imatitumizira, ndipo uwu ngwa mtengo wapatali koposa nsomba. Ndiwo nthunzi ya madzi. Dzuwa likaomba pa nyanja, madzi amakwera kumwamba ngati nthunzi nasiya mcere wao m'mbuyo. Mphepo zocokera ku Nyanja ya India ndi zina zodzera ku Congo zimabweretsa cinyezi cimeneco, ndipo zikakumana pamwamba pa dziko lathu mvula imagwa. Mlimi wa ku Chadiza amabzala podalira nyanja imene sanaionepo.

Kudalira kumeneku tinakuona ndi maso m'dzinja la 2023 ndi 2024. Pakapita zaka ziwiri kufikira zisanu ndi ziwiri, madzi a pamwamba pa Nyanja ya Pacific, ca ku gombe la South America, amafunda koposa masiku onse. Akatswiri amakucha El Niño. Kufundako kumasokoneza kayendedwe ka mphepo pa dziko lonse, ndipo kawirikawiri kum'mwera kwa Africa mvula imacepa. M'mwezi wa February 2024 kumwamba kunauma pamene cimanga cinali kumasula ngaiyaye. Pa 29 February, Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi ngozi ya dziko lonse. Mahekitala ngati miliyoni imodzi a cimanga anaonongeka pa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Zokolola zinatsika kufika matani 1.5 miliyoni, pamene caka ca 2023 zinaposa matani 3 miliyoni. Madzi a Kariba anaphwa, magetsi anasowa, ndipo ku Nakatindi nsomba za amalume zinabanika. El Niño ndi wakale, makolo athu anakumana naye osamdziwa dzina. Cacilendo n'cakuti tsopano akubwera pa dziko lofunda kale, pamene nthaka ndi madamu zimauma msanga.

ZOTENGERA KWATHU

Utsi umene Zambia amatulutsa ndi wocepa poyerekeza ndi wa maiko a mafakitale, ndipo n'koyenera kuti atsogoleri athu azinena zimenezi mosaopa pa misonkhano ya maiko. Komabe mutu umodzi susenza denga. Pa ulendo wanga wonse, kucokera ku Nyimba mpaka ku Zimba, matumba a makala anali ndandanda m'mbali mwa msewu. Mtengo uli wonse ndi nkhokwe ya kaboni, ndipo ukaotchedwa nkhokweyo imakhuthulidwira kumwamba, gawo lina n'kukathera m'nyanja. Tikasiya mitengo ina m'munda, tikaleka kutentha mapesi ndi kuyatsa thengo mwacisawawa m'cilimwe, timasunga cinyezi ca m'nthaka yathu, ndipo timapeputsako katundu wa nyanja ngakhale pang'ono.

Popeza akatswiri amapima kufunda kwa nyanja miyezi ingapo dzinja lisanafike, cilala ca masiku ano cimaimba ng'oma cisanadze. Tiyeni tizimvetsera pa wailesi pamene a Dipatimenti ya Zanyengo akulengeza za dzinja, ndi kufunsa alangizi a zaulimi za mbeu zoca msanga, mapira, cinangwa ndi nyemba. Inu amene muli ndi madamu a nsomba, musaunjike nsomba zambiri pa malo ocepa, musathire cakudya ndi manyowa mopitirira muyezo m'miyezi yotentha, ndipo muziyendera damu m'bandakuca. Mukaona nsomba zili pamwamba kukamwa kuli yasa, lekani kuzidyetsa tsiku limenelo, thiranimo madzi atsopano, ndipo bvundulani pamwamba pa madzi ndi ndowa kapena nthambi. Musathamangire kuloza mnansi wanu cala.

Tsiku lobwerera ndinadzuka nkhuku zisanatsike. Amalume anali ataima kale pa njerwa zao. Ndinawalandira ndowa, ndipo ndinatunga ndi kukhuthula mpaka mapewa anawawa, nsomba zikuthamangira pamene panali kuyera thobvu. Mnansi uja anatsala pang'ono kusumiridwa anasuzumira pa mpanda kudzandilawira, ndipo amalume anamuika nsomba ziwiri m'mbale kuti akadye ndi ana. Kumwera kunali kumveka mkokomo wa mathithi. Basi ya ku Lusaka inanyamuka dzuwa litangotuluka, ndipo mtambo woyera uja tinauonabe kumbuyo kwathu kufikira titakwera mtunda.